Tsiku Lowerenga Mitengo

"Chidindo cha bambo mwaba ndinu, achimwene. Musapukuse mutu, ndinu!"

Ndinanena ndili chiimire, poto wa msuzi wa soya wotchedwa miso ali m'manja. Achimwene anga, a Naotaka, anagoneka timitengo todyera pambale mwaulemu ngati ali mu ofesi, n'kuseka kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno.

"Mizuho, mutu wakowo umagwira koma? Ndikanakhala nacho, bwenzi pepalali litadindidwa kale, ine ndili mumzinda. Wabisa ndi amene wakhala akuuwa kampani chaka chonsechi."

Pepalalo linali pathebulo pomwepo, pakati pa mbale ya mpunga ya bambo ndi nsomba yowamba. Linkangodikira kabwalo kofiira ka chidindo chawo, chija chinalembetsedwa ku boma, kuti mtsetse wa mikungudza wa kuseri kwa nyumba yathu ukhale wa kampani ya Kumogake, ife tilandire masheya ena. Koma m'mawa umenewo bambo atatsegula kabati ya pansi pa guwa la makolo anapeza kathumba kokha, chidindo mulibe.

Bambo anandiuza kuti ndikhale pansi, mwana wamkazi sayankhulira pamitu pa anthu akudya. Ndinakhala, koma pakamwa sipanakhale. Ndinawakumbutsa kuti nkhalango yathu yakumtunda, ya kuseri kwa phiri, anaipereka kale chaka chatha, ndipo chatsala ndi mtsetse wokhawu umene mizu yake yagwira dothi lili pamwamba pa denga lathu. Ndinafunsanso funso langa lija analitopa nalo. Mkungudza umene mwana wabzala amaudula ndi mdzukulu wake, matabwa pamsika akugulidwa ngati nkhuni, nanga kampaniyi phindu logawa kawiri pachaka ikulitenga kuti?

Achimwene anayankha mofatsa, akuyang'ana bambo osati ine. Anati kampani imangopatulira, kuchotsa mitengo yofooka kuti yotsalayo ione dzuwa. Anati ili ndi misika kunja. Anatinso mafakitale a mumzinda amalipira chifukwa cha mpweya wabwino umene nkhalango imapuma.

"Ndiye kuti m'nyumba muno tikudya mpweya?" ndinatero.

"Sukulu unathawa ndi iwe. Zowerenga pafoni usatibweretsere pano."

"Pafoni pomwepo ndi pamene ndinawerenga kuti chikomekome cha mkuyu..."

"Basi!" Bambo anamenya pathebulo ndi chikhatho. Kenako anayankhula ndi mawu otsika. "Phiri ili ndalikwera moyo wanga wonse, ndikusadza nthambi mpaka maondo anatha. Silinanditumizireko envulopu ya ndalama ndi tsiku limodzi. Lero ndimakhala pafupi ndi moto, envulopu n'kubwera yokha. Denga ili lasiya kudontha chifukwa cha chiyani? Iwe ukwera kukasadza? Mlongo wakoyu akwera? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Mizuho. Ndipo amene wandibweretsera pepalali si mlendo. Ndi mwana wanga."

Amayi anangopitiriza ntchito yawo. Anali kuseri kwathu akuduladula ndiwo pakathabwa konunkhira kaja kampani inatumizira onse a masheya ngati mphatso ya chaka chatsopano.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu munalowa mphepo yoipa. Achimwene asanabwerere mumzinda anagwedeza matiresi anga ndi kusanthula galimoto ya kugolosale imene ndimaperekera katundu m'makomo. Ine ndinadikira alowe m'bafa n'kukapisa m'matumba a jekete lawo, ndinangopezamo timakadi ta dzina lawo tokhala ndi chithunzi cha mtengo wobiriwira. Bambo anayamba kudzikayikira okha. Ndinkawapeza akutsegula kabati yomweija kachiwiri, kachitatu, akung'ung'udza kuti mwina mutu wayamba kuwathawa monga unachitira agogo. Zimenezo zinkandipweteka kuposa zonse, ndipo mkwiyo wanga pa achimwene unkangokula.

M'mudzi namo munalibe wondimvera. Nyumba iliyonse imene ndinkatsitsako mpunga ndi mafuta inali ndi kathabwa komweko kukhitchini. A Tsujimoto, oyandikana nafe, anali ataikitsa mano atsopano ndi phindu loyamba, ndipo ankaseka ndi chilichonse kuti awaonetse. Nditawafunsa ngati anakwerako kukaona nkhalango yawo chiiperekereni, anati msewu wa malole kampani inautseka ndi geti poopa ngozi, ndipo munthu wolemba ntchito wodziwa sayenda pambuyo pake ngati wapolisi.

"Ukwatiwe, mwana iwe," anatero akugogoda mano awo ndi chala. "Moto uli mwa iwewu ukusowa poto."

Ndinawayankha kuti manowo awasamale, mwina ndi nkhalango yawo yonse ili m'kamwamo. Madzulo ake dandaulo linali litafika kale kwa bambo.

Lamlungu lina kutagwa kamvula kowaza, amayi anandiitanira kukhitchini bambo atapita kukaona munda wa anyezi. Anatsanula madzi a m'ketulo pang'onopang'ono, n'kundionetsa pansi pake. Panali matope ofiirira, osalala ngati phala.

Madzi athu amachokera m'khwawa lotsika kuseri kwa phiri, paipi yake anaika ndi agogo. Amayi anati chikwatiwireni m'nyumbayi sanaonepo matope m'ketulo, ngakhale chaka chija mphepo yamkuntho inagwetsa mlatho. Koma chiyambire dzinja lapitali, mvula ikangowaza, ketulo imadetsedwa.

"Bambo munawauza?"

"Ndinawauza. Anati walira mvula walira matope."

Kenako anagwada, anakoka mtsuko wa ndiwo zoviika mumchere, anachotsa mwala wopsinjira, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'pulasitiki. Sindinafunikire kumasula kuti ndidziwe kuti n'chidindo cha bambo.

"Amayi! Ine ndakhala ndikutukwana achimwene, bambo akudziyesa amisala, inu muli phee?"

"Tsitsa mawu. Ukufuna ndikanene chiyani? Kuti mwana amene ndinabereka akunamiza bambo ake? Ndilibe umboni, ndili ndi ketulo chabe. Mwinanso iye akunamizidwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Mizuho. Ukaponya mwala uswa mkhate wako womwe." Anabwezera kanthuko pansi pa ndiwo. "Ine ndangogula masiku. Kaya tiwachita nawo chiyani."

Masikuwo sanachuluke. Loweruka lotsatira achimwene anabwera ndi galimoto ya kampani, anakweza bambo, n'kupita nawo kutauni. Pobwera bambo anali ndi kabokosi katsopano m'thumba la pamtima. Anali atasemetsa chidindo china, n'kukalembetsa ku boma kuti chakale chija chafa. Anachionetsa kwa amayi ngati mwana woonetsa nsapato. Amayi anachiyang'ana, anati n'chokongola, n'kutuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Achimwene analengeza kuti kudinda kudzachitika pa tsiku la Mwini Phiri, mzimu wa phiri lathu. Bwana wawo, a Kurahashi, adzabwera okha kudzadya nawo phwando, ndipo mabanja onse otsala adzadinda pamaso pa mudzi. Kampani idzagula mowa wa mpunga, idzabweretsa oimba ng'oma ochokera kutauni, ndi zokuzira mawu kuti madala adzaimbe nyimbo zawo zakale.

Bambo anasangalala kwambiri. Anati kampani yolemekeza mwambo siingakhale ya akuba. Pa tsiku limenelo Mwini Phiri amayenda m'nkhalango akuwerenga mitengo yake, ndipo munthu akapezekamo amamuwerengera kumodzi, sabweranso. Nkhwangwa zimapachikidwa, macheka amagona, ngakhale wofuna bowa sadutsa mzere wa nsungwi. Amuna amasonkhana m'holo ya pakachisi, akazi timangofikitsa mbale pakhomo, chifukwa Mwini Phiri ndi mkazi ndipo ndi wansanje.

"Chaka chatha anagulanso mowa, eti?" ndinafunsa. "Ndi zokuzira mawu zomwe?"

"Ukayikiranso mowa?" anatero achimwene.

"Ndikukayikira munthu amene amandigulira phokoso."

Tsikulo linacha ndi nkhungu. Ndinathandiza amayi ndi akazi ena kuumba timikate ta mpunga wosinja, n'kunyamula mathireyi mpaka pakhomo la holo. M'katimo ng'oma zinali zitayamba kale, zazikulu zija zimagwedeza m'mimba. A Kurahashi anakhala kumtunda, munthu wonenepa bwino wa tsitsi lopesedwa mosamala, akuthirira mowa mdala aliyense ndi manja awiri. Zikalata zinali pakathebulo pambali pawo, pamodzi ndi kambale ka inki yofiira.

Nditabwerera kunyumba kukatenga mbale zina, ndinaima kuseri pafupi ndi paipi. Kumeneko phokoso la pakachisi limafika lofooka. Ng'oma zitapuma kuti wina ayankhule, ndinamva kulira kwina, kutali, kumwamba, ngati mavu ali m'botolo. Ng'oma zinayambanso, kulirako n'kumira.

Ndinaika mbale pansi. Ndinalunjika kuphiri, n'kudutsa mzere wa nsungwi. Ndinakulira m'mudzi muno, ndipo nkhani ya mlenje amene anasanduka mtengo wokhota wa pamphambano ndinaimva ndisanaphunzire kuwerenga. Koma ndinati ngati Mwini Phiri akuwerengadi lero, andiwerenge, mwina ndimuthandiza masamu.

Sindinadzere kumsewu wa geti. Ndinatsata paipi, kenako kanjira ka agogo kokwera m'khwawa. Mtsetse wathu unali momwe ndimaudziwira, mdima wozizira, mikungudza yowongoka ngati mizati. Ndinakwera mpaka pamsana pa phiri, pamene mitengo imaoneka kuchokera m'mudzi. Ndinadutsa mizere ingapo, mwadzidzidzi kuwala kunandimenya m'maso.

Kuseri kunalibe nkhalango. Phiri analimeta mpala kuyambira pamsana mpaka kumtsinje wa kutsidya, n'kusiya kamzere kokha ka pamwamba ngati nsalu yotchinga kuti ife pansi tiziona zobiriwira. Zitsa zokhazokha, nkhalango yathu, ya a Tsujimoto, ya kachisi, osadziwikanso malire. Mbande ngakhale imodzi panalibe. Misewu ya makina inang'amba dothi mokhotakhota, ndipo pamutu pa khwawa lathu dothi lofiira linali litatsetserekera m'madzi. Tsopano anali atayamba kudya nsalu yotchingayo, mbali yoyandikira mtsetse wathu, imene tsiku lina lililonse munthu wa m'mudzi akanamva macheka ake. Anyamata aganyu ochokera kutali, osadziwa za Mwini Phiri, ankagwetsa ndi kukweza palole mothamanga.

Pamalire a nkhalango yathu panali mkungudza waukulu umene agogo anaupala khungwa n'kulembapo dzina la banja ndi inki yakuda, monga ankachitira akale onse. Ndinapeza chitsa chake chikuchucha utomoni. Thunthu linali litapita, koma kachigawo kolembedwako anakadula n'kukataya m'zinyalala, kuti kumacheka asakafunse. Mnyamata wina anandikuwira kuti ndichoke, n'koopsa. Ndinanyamula kachigawoko pamsana ndi mpango wanga, n'kutsika.

Ndinalowa m'holo ndi nsapato zamatope. A Tsujimoto anali pakati pa nyimbo, chokuzira mawu chili pakamwa. Bambo anali atagwada pakathebulo kaja, kabokosi kotsegula, achimwene akuwalozera podinda. Ndinaponya chipikacho pamwamba pa zikalata. Kambale ka inki kanadumpha n'kugwa chafufumimba.

Ng'oma zinaleka. Ndinanena zimene ndinaona, mwachidule, chifukwa mpweya unali utandithera.

Ndinkayesa kuti madala awakalipira a Kurahashi. Anandikalipira ine. Wina anati mkazi walowa m'holo, wina anati walowa m'phiri pa tsiku loletsedwa, tsoka lake ligwera mudzi wonse. A Tsujimoto, osazindikira kuti chokuzira mawu chikadali choyaka, anakuwa kuti mwana ameneyu ndi wamisala chibadwire, mawu awo n'kumveka mpaka kumunda wa anyezi. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti nanga amene akucheka m'phirimo lero ndani. Ndinawayang'ana madalawo, anthu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa mkungudza ndi fungo lokha, ndipo ndinaona kuti ena mwa iwo sanadabwe. Ankangoopa kuti envulopu isiya kubwera.

A Kurahashi anadikira phokoso litsike. Anawerama pang'ono, n'kunena mwaulemu kuti akumvetsa chisoni cha mtsikanayu, mitengo ya makolo imakhala ngati abale. Koma malo aja ndi a kampani mwalamulo, ndipo kampaniyo si wina ayi, ndi inu nomwe eni masheya. Nthawi zina pofuna kuti phindu lisatsike, pamafunika kukolola msanga mbali ina. Kubzala kuli m'mapulani.

"Mwamva, abambo anga?" ndinatero. "Akutidyetsa mbewu, ife n'kumati ndi zokolola. Mbewu ikatha adzakolola mtsetse wa kuseri kwa nyumba, dothi lidzatipeza tili m'tulo. Pamenepo envulopu adzaitumiza kwa yani?"

"Tuluka, Mizuho," anatero achimwene, nkhope itayera. "Wandichotsetsa ntchito, wakhutira. Tuluka."

Sindinatuluke, chifukwa pakhomo panali pataima amayi. Akazi ena anawagwira mkono, iwo anauchotsa mofatsa. Anavula nsapato, anaziika bwinobwino, n'kuyenda pakati pa amuna onse aja ketulo ili m'manja. Anagwada pamaso pa a Kurahashi monga achitira mkazi wolandira mlendo, anatenga kakapu kawo ka mowa, anakhuthula, n'kuthiramo madzi a m'ketulo. Anali ofiira ngati a m'chithaphwi.

"Mwatimwetsa kwambiri, bwana," anatero amayi. "Imwaniko za kwathu."

A Kurahashi anayang'ana kakapuko, kumwetulira kukadali pankhope koma kutauma. Sanakakhudze.

Ndinatembenukira kwa bambo. Anali atakokera chipika chija pamaondo awo, chala chikuyenda pamalemba a agogo, kutsika, kukwera. Utomoni unawamata m'manja. Anafunsa, osadzutsa mutu, ngati mtengo wa pamalirewo unali wofooka, wofunika kupatulira. Holo yonse inkadziwa kuti amuna awiri sankakwanitsa kuufungatira.

Anatenga chidindo chatsopano chija, anachibwezera m'kabokosi, anatseka. Kenako anatambasula dzanja kwa amayi.

"Mayi a Naotaka, tengani. Mukachiike komwe munaika chinzake."

Amayi anaphethira kamodzi, n'kulandira ndi manja awiri.

Achimwene anayamba kusonkhanitsa zikalata zothimbirira inki, akunena kuti bambo atopa, nkhaniyi tikakambirane kunyumba, pano pali alendo. Anadzuka. Bambo anawagwira mwendo wa thalauza, dzanja lomwe lija la utomoni.

"Khala pansi. Kunyumba n'kumene unandiuza kuti akungopatulira, ndiye kunyumba kwandikwana. A Kurahashi sindiwafunsa kanthu, si mwana wanga, anabwera kudzadya ndipo adya. Ndikufunsa iwe. Mtengo uwu ndinakunyamula paphewa kukakuonetsa, iwe n'kuika kadzanja kako pa dzina la agogo ako. Tsiku lija unakhala pathebulo langa, ukudya mpunga wanga, mlongo wako ukumunena kuti anathawa sukulu, unali utakwerako kuseri kwa phiri kapena ayi?"

"Bambo, zinthu zake sizili choncho. Kampani ili ndi..."

"Sindinafunse kampani."

Zokuzira mawu zinali zitazimitsidwa. M'holo munali zii, moti kwa nthawi yoyamba aliyense anamva chimene ine ndinamva kuseri kwa nyumba: macheka akulira kumwamba, pa tsiku limene Mwini Phiri akuwerenga. A Tsujimoto anatseka pakamwa, mano awo n'kubisika.

"Ukuwamva, Naotaka? Mudzi wonse ukuwamva. Tsopano ndiuze pamaso pa anthu awa, pamaso pa mayi ako: unaona, kapena sunaone? Yankha."